Mwaona chiyani, mwamva chiyani? Za kosi ya kulankhulana ndi maubale yophunzira paintaneti

Pa makosi onse amene munthu angasankhe m'chaka choyamba ku koleji, ya kulankhulana ndi maubale ndi imene ambiri amaiyesa ya malikisi aulere. Kulankhula tinayamba mano asanamere onse, abale tili nawo, anzathu tili nawo, ndiye chovuta chingakhale chiyani? Sabata yachitatu ikamakwana m'pamene munthu amadzidzimuka. Ndime imene anailemba ndi mtima wake wonse, yofotokoza mwano wa mlamu wake, yabwera ndi 6 pa 10, pansi pake mphunzitsi atangofunsa kuti umboni uli kuti.

Kosi yonse yagona pa funso limenelo. Sakuyesani ngati mumadziwa kucheza, komanso sakufuna kudziwa amene analakwa pakati pa inu ndi mlamu wanuyo. Akufuna aone ngati mungalekanitse zimene munaona ndi kumva ndi zimene inu munaganiza kuti zikutanthauza, kenako n'kutchula chochitikacho ndi dzina lake la m'buku.

Tiyambe ndi za nthawi, chifukwa ena amagwa asanafike n'komwe pa phunziro lenilenilo.

M'makoleji a ku America kosiyi imatchedwa Interpersonal Communication, ndipo kawirikawiri imakhala ya ma credit 3. Ophunzira unamwino, uphunzitsi ndi bizinesi amakumana nayo kwambiri. Kumeneko credit imodzi amaiwerengera ola limodzi la m'kalasi ndi maola 2 odziwerengera pa sabata, choncho kosi imodzi ndi maola 9 pa sabata kwa masabata 15 kapena 16. Mukasankha yothamanga ya masabata 8, ntchito siichepa ayi, imangopanikizana, ndipo mukufunika maola pafupifupi 18 pa sabata. Wogwira ntchito yolembedwa aganize kawiri asanatenge makosi awiri otere nthawi imodzi.

Sabata iliyonse imayenda mofanana, kaya webusaiti yophunzirirapo ya kolejiyo ndi Canvas, Moodle kapena Blackboard. Mumawerenga mutu umodzi, mumalemba kamayeso kakafupi, mumaika ndime yanu pabwalo la zokambirana pofika Lachitatu kapena Lachinayi, kenako mumayankha anzanu awiri pofika Lamlungu 11:59 usiku. Koma 11:59 imeneyo ndi ya kwawo. Ngati koleji ili chigawo cha New York, kwa munthu amene ali ku Lilongwe, Chipata, Tete, Harare kapena Johannesburg nthawiyo ndi 6:59 m'mawa wa Lolemba kuyambira Novembala mpaka Malichi. Lamlungu lachiwiri la Malichi anzathuwo amapititsa mawotchi patsogolo ndi ola limodzi, ife sitisintha, ndiye nthawi yotsekera imabwerera pa 5:59. Amene anazolowera kutumiza ntchito 6 koloko itadutsa amapeza chitseko chatsekedwa, osadziwa chalakwika. Mu Canvas lowani mu Settings musankhe nthawi ya dziko limene muli, ndipo masiku onse otsekera azioneka pa wotchi yanu.

Musamalembe ndime yanu m'bokosi la pawebusaiti. Lembani mu Word kapena pena paliponse pamene pamasunga zokha, mukamaliza mukopere. Magetsi akathima kapena netiweki ikagwa, za m'bokosi zimatha kupita zonse. Kamayeso kokhala ndi nthawi n'koopsa kuposa pamenepo, chifukwa wotchi yake imapitiriza kuyenda ngakhale inu mwadukidwa. Zikatero jambulani sikirini yoonetsa vutolo ndi nthawi yake, mutumize kwa mphunzitsi ola lomwelo, osati mawa. Ndipo ngati pali ntchito yocheza pa Zoom, konzekerani bandulo yokwanira, poti ola limodzi la vidiyo likhoza kudya theka la gigabyte kapena kupitirira.

Kope la zokambirana

Chida chachikulu pa kosiyi si buku ayi, ndi kope. Kuyambira sabata yoyamba, sankhani macheza awiri pa sabata amene anakukhudzani mtima, muwalembe pasanathe mphindi 30. Mukachedwa, mutu umayamba kukonza nkhani mokomera mwini wake, ndipo mawu enieni amene munthu ananena amasanduka mawu amene mukanakonda kuti akhale atanena. Gawani tsamba panayi. Poyamba: ndani, kuti, nthawi yanji, panali ndaninso. Pachiwiri: mawu enieni, ndi zimene kamera ikanajambula ikanakhalapo. Pachitatu: zimene inu munaganiza ndi mmene munamvera. Pachinayi musiye mpata, mudzalembamo dzina la theory, mfundo ya akatswiri yofotokoza chochitikacho, mukaipeza. Pofika sabata ya 8 muli ndi macheza 16, ndipo ntchito iliyonse imene mphunzitsi angapereke muli nazo kale zoilembera.

Gawo lachiwiri ndi limene limavuta. Taonani chitsanzo. Mwatumizira mlamu wanu uthenga pa WhatsApp 9 koloko m'mawa, kufunsa ngati angathandizeko fizi ya mwana wa mchemwali wanu. Timizere tabuluu taoneka nthawi yomweyo. Yankho labwera 3 koloko masana, liwu limodzi: "Chabwino." Wophunzira watsopano amalemba kuti "anandinyalanyaza tsiku lonse kenako anandiyankha mokwiya". M'chiganizo chimenecho mulibe chimene kamera ikanaona. Kamera inaona maola 6, liwu limodzi ndi kadontho. "Kunyalanyaza" ndi "mokwiya" n'zochokera m'mutu mwa wolembayo, ndipo malo ake ndi gawo lachitatu.

Chimene chimatikankhira kulakwa kotereku chili ndi dzina. Lee Ross mu 1977 anachitcha fundamental attribution error: mnzathu akachedwa timati ndi khalidwe lake, osaganizako zimene zinamugwera. Ife tikachedwa timadziwa kuti foni inali yopanda moto, bwana anali pamutu, kapena tinali kuwerengetsera kaye ngati ndalamayo ilipo. Mlamu akachedwa, n'ngwamatama.

Mankhwala ake m'buku amawatcha perception checking, ndipo pafupifupi kosi iliyonse imakutumani kukayesa zimenezi kwa munthu weniweni n'kudzalemba zotsatira. Mumanena zinthu zitatu motsatana: chimene munaona, matanthauzo awiri amene angatheke, ndi pempho loti akuuzeni. "Alamu, dzulo nditafunsa za fizi zija munayankha 3 koloko masana, n'kungoti chabwino. Sindikudziwa ngati munatanganidwa kuntchito kapena mwina kafunsidwe kanga sikanakukomereni. Zinali bwanji?" Zimawonongekera pawiri. Ena amazembetsa chiweruzo m'gawo loyamba, "munandinyalanyaza", ndiye winayo amayamba kudziteteza musanamalize. Ena amapereka matanthauzo awiri onse olasa: "kaya ndi umbombo kaya simutifuna". Limodzi mwa awiriwo liyenera kukhala khomo loti munthu atulukirepo ulemu wake uli nawo. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, komatu wofunsa ali ndi mkondo m'manja nayenso sauzidwa zoona.

Iwe ndi inu

Apa ndi pamene wolankhula Chichewa ali ndi chuma chimene anzake a m'kalasi alibe, ndipo ambiri amachitaya okha osadziwa.

Mitu yoyambirira imadutsa mwachangu pa chithunzi cha Claude Shannon cha mu 1948, cha wotumiza, uthenga, njira ndi wolandira. Chimenecho anachipangira mawaya a telefoni, ndiye chilowezeni chifukwa cha mayeso n'kupitirira. Chofunika kuimapo ndi chimene Paul Watzlawick, Janet Beavin ndi Don Jackson analemba mu 1967, kuti uthenga uliwonse umanyamula zinthu ziwiri: nkhani yake, ndi chimene ukunena za ubale wa anthu awiriwo. Wophunzira wa ku Ohio amavutika kusonyeza mbali yachiwiriyi polemba, mpaka afotokoze za kamvekedwe ka mawu ndi nkhope. Ife chilankhulo chimatikakamiza kuionetsa pa mneni aliyense. "Tabwera", "tabwerani", "mungabwereko pang'ono": nkhani ndi imodzi, maubale atatu. Simungapemphe ngakhale mchere musanasankhe kuti munthuyo ndi ndani kwa inu.

Tsono wophunzira akamasulira macheza ake m'Chingerezi kuti apereke kwa mphunzitsi, iwe ndi inu onse amasanduka "you", umboni n'kufufutika. Chitani chonchi: lembani mawuwo m'Chichewa monga ananenedwera, pansi pake kumasulira, kenako chiganizo chimodzi chofotokoza chimene kumasulirako kwataya. Ngati mayi amene kwa zaka 10 wakhala akuitana mwamuna wake kuti "bambo a uje" tsiku lina wamutchula dzina lake lenileni n'kuti "iwe" pamaso pa ana, ndime yanu yonse ili pomwepo. Ndipo samalani, kusintha komweko kuli ndi matanthauzo awiri otsutsana. Pakati pa anthu amene angodziwana kumene, kuchoka pa inu kupita pa iwe ndi chizindikiro choti ayandikana. Pakati pa mkangano ndi chipongwe. Wophunzira amene wasonyeza chimene chikusiyanitsa ziwirizi, kuti analipo ndani, zinayamba bwanji, winayo anayankha motani, wachita ntchito imene mphunzitsi akufuna.

Zimenezi zikutifikitsa pa mfundo imene mabuku ambiri amangoitchula modutsa. Ma theory a kosiyi ambiri anabadwira ku America pakati pa zaka za m'ma 1950 ndi 1990, poona anthu a kumeneko. Si abodza, koma ali ndi malire, ndipo malikisi apamwamba amapita kwa amene wagwiritsa ntchito theory molondola kaye, kenako n'kuloza pamene yalephera.

Tengani masitepe 10 a Mark Knapp a mu 1978. Asanu ndi oyandikana: kuyambana, kufufuzana, kuzamitsa, kuphatikizana, ndi kumanga ubale pamaso pa anthu. Asanu ndi otalikirana: kusiyanitsa zako ndi zanga, kuchepetsa nkhani zokambirana, kuima nji, kupewana, ndi kuthetsa. Cholakwa chofala n'kuwaona ngati makwerero amene munthu amakwera kamodzi. Mabanja ambiri amayenda uku ndi uku pakati pa kuphatikizana ndi kusiyanitsa kwa zaka zambiri popanda vuto. Chinkhoswe chimalowa bwinobwino pa sitepe yachisanu. Koma yesani kuika mkamwini ndi apongozi ake aakazi pa chithunzichi. Mwa mwambo wa Achewa awiriwa amapewana, sakhala mphasa imodzi, wina akaona mnzake akubwera amapatuka. Knapp angati ubalewu uli pafupi kutha, pamene kwathu kupewanako ndiye ulemu wake. Komanso chithunzi chake ndi cha anthu awiri okha, pamene banja lokhala ndi ankhoswe silitha chifukwa choti awiriwo atopa. Ndime imodzi yofotokoza zimenezi mosamala imaposa masamba atatu obwereza za m'buku.

Pena theory imatikwana ngati inasokedwera ife. Charles Berger ndi Richard Calabrese mu 1975 anati anthu akakumana koyamba amafunsana mafunso kuti achepetse kusadziwa za mnzawo, ndipo Berger pambuyo pake anaonjeza kuti njira zake ndi zitatu: kuonerera patali, kufunsa kwa ena, ndi kufunsa mwini wake. "Kumudzi n'kuti? Mfumu yake ndani? Ndinu a Phiri a kuti?" ndi njira yachitatu. Azakhali akatumidwa kukafufuza mbiri ya banja la mnyamata amene wafunsira mbeta, ndi yachiwiri.

Mutu wa zizindikiro za thupi uli ndi misampha iwiri. Woyamba ndi manambala a Edward Hall a mu 1966: mtunda wa okondana mpaka masentimita 45, wa abwenzi mpaka mita 1.2, wa anthu wamba mpaka mamita 3.6. Alowezeni, amabwera pa mayeso. Koma Hall mwini wake ananena kuti anawapeza poona Amereka a chuma chapakati a kumpoto chakum'mawa kwa dzikolo, ndipo aliyense amene anakwerapo minibasi ya ku Ndirande akudziwa kuti kukhudzana mapewa ndi mlendo sikutanthauza chibwenzi. Zoyang'ana m'maso n'chimodzimodzi. Buku limati woyang'ana m'maso ndiye akumvetsera, pamene mwana wa kwathu woyang'anitsitsa agogo ake m'maso akumudzudzula amafunsidwa kuti analeredwa ndi ndani. Hall yemweyo mu 1976 anasiyanitsa zikhalidwe zimene zimanena zonse m'mawu ndi zimene zimasiya zambiri kuti womvera atole yekha. Mlendo amene wakhala ola lathunthu akukamba za mvula ndi mtengo wa feteleza asananene chimene wabwerera sakutaya nthawi. Khotekhote ngwa njoka, womvera amatsata kumene kwaloza mutu.

Msampha wachiwiri ndi chiwerengero chotchuka chija, chakuti 93 pa 100 ya kulankhulana siidutsa m'mawu. Musachilembe. Chinachokera pa kafukufuku wa Albert Mehrabian wa mu 1967, amene anapereka 7 ku mawu, 38 ku kamvekedwe ndi 55 ku nkhope. Koma anthu ake ankamvetsera liwu limodzi lokha lojambulidwa, n'kuweruza ngati wolankhulayo akumukonda munthu kapena ayi. Zotsatirazo zimakhudza nthawi imene mawu ndi nkhope zikutsutsana pa nkhani ya mmene munthu akumvera, basi. Zikanakhala zoona paliponse, bwenzi tikumva nkhani za pa TV ya ku China popanda womasulira.

Kumva, kumvetsera, kumvetsa, kumvera

Buku limatha masamba angapo kusiyanitsa zinthu zimene ife tinazisiyanitsa kale ndi tsinde limodzi. Chimene chimatisokoneza ifeyo ndi liwu lachinayilo. Kwathu "mwana wosamva" si wogontha, ndi wosamvera, ndiye mumtima timaona ngati kumvetsera munthu mpaka amalize ndi kuvomereza zimene akunena. Kosiyi imadula chingwe chimenecho. Carl Rogers ndi Richard Farson, amene anatchukitsa mawu akuti active listening mu 1957, ankatanthauza kuti mubweze maganizo a mnzanu m'mawu anu mpaka iye avomere kuti mwamumva. Kugwirizana naye ndi nkhani ina.

Ntchito yake nthawi zambiri imakhala yojambula macheza a mphindi zochepa ndi mnzanu wa m'kalasi kapena wa kunyumba. Pemphani chilolezo kaye, ndipo chilolezocho chimveke kumayambiriro kwa zojambulazo. Funsani funso losayankhika ndi inde kapena ayi. Akalankhula kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, bwezani zinthu ziwiri, nkhani ndi mmene akumvera: "Ndiye akusinthirani shifiti osakufunsani, ndipo chakuwawani kwambiri n'choti mwamvera kwa anzanu?" Zimene mwabwezazo zithe ngati funso, kuti akhale ndi mpata wokukonzani. Akakukonzani musaone ngati mwalephera, pamenepo m'pamene njirayo yagwira ntchito, ndipo mulembe zimenezo mu lipoti.

Mukamaonera zojambulazo, sakani zinthu zitatu. Kubwereza mawu ake enieni ngati chinkhwe, kumene kumasonyeza kuti makutu alipo koma mutu sunagwire ntchito. Kuthamangira malangizo, "bwanji osangopita kwa bwana wamkulu", munthu asanapemphe. Ndi kulanda nkhani: "Eee, inenso chaka chatha..." Chachitatuchi timachiyesa chifundo, koma werengani masekondi muone amene walankhula kwambiri kuchokera pamenepo. Pa Zoom palinso vuto lina. Timawu tathu tovomereza, "eee", "eya", "aha", timatha kudula mawu a winayo, ndipo netiweki ikamachedwa mumayamba kulankhula iye asanamalize. Gwedezani mutu m'malo mwake, ndipo akasiya kulankhula werengani mpaka 2 mumtima musanayambe.

Mikangano

Kenneth Thomas ndi Ralph Kilmann mu 1974 anaika njira 5 pa mizere iwiri, wina woyeza mmene mukulimbikira zofuna zanu, wina mmene mukusamalira za mnzanu: kulimbana, kupewa, kugonjera, kugawana pakati, ndi kufunira limodzi njira yokomera onse. Ophunzira amathamangira kunena kuti yomalizayi ndiyo yabwino nthawi zonse. Ayi. Imadya nthawi ndipo imafuna kuti onse awiri akhale ofuna. Mkangano wa amene atsuke mbale usiku uno sufunika msonkhano wa ola, ndipo kupewa nkhani ya malire a munda pa tsiku la maliro ndi nzeru.

John Gottman, amene anaonerera mabanja ambiri akukangana mu labu yake ku University of Washington, anatchula makhalidwe 4 amene amagwetsa banja: kunyoza umunthu wa mnzako m'malo modandaula za chimene wachita, chipongwe, kudziteteza, ndi kungoti duu ngati khoma. Pa anayiwa chipongwe ndicho chimalosera kwambiri kutha kwa banja, monga kutsonya, kuseka monyodola ndi kuyerekeza kalankhulidwe ka mnzako. Anapezanso kuti mabanja okhazikika amakhala ndi zabwino pafupifupi 5 pa choipa chimodzi ngakhale ali mkati mokangana, ndiponso kuti mtima ukamagunda kupitirira ka 100 pa mphindi munthu samvanso za mnzake, ndipo amafunika kupuma mphindi zosachepera 20. Kupumako n'kosiyana ndi kungoti duu chifukwa cha chinthu chimodzi: mumanena nthawi imene mubwerere ku nkhaniyo, n'kubwereradi.

Kenako pali uthenga woyamba ndi "ine", umene Thomas Gordon anauphunzitsa kwa makolo. Mumatchula chochitika, mmene mwamvera, ndi chimene chakuchitikirani chifukwa cha icho. "Mukafika usiku osaimba foni ndimada nkhawa, ndipo sindigona mpaka nditamva chitseko." Chimene ophunzira ambiri amapereka ndi ichi: "Ine ndikuona kuti ndinu odzikonda." Chayamba ndi ine, koma ndi chala cholozabe. Njira yodziwira ndi yosavuta: pakabwera "kuti" kapena "ngati" kenako "inu", ndiye kuti mwanena chiweruzo. Mmene mukumvera ndi liwu limodzi, monga mantha, manyazi, nkhawa kapena mkwiyo. Ndipo kunena zoona, njira imeneyi siyenda paliponse. Mpongozi kuuza apongozi ake maso ndi maso kuti "ndimakhumudwa mukatero" akhoza kuyatsa moto woposa umene amafuna kuzimitsa, pamene mawu omwewo atadutsira kwa ankhoswe kapena kwa malume akanafika bwino. Lembani zimenezo mu asayimenti yanu ndi zifukwa zake, mphunzitsi wabwino adzakondwa nazo.

Chenjezo limodzi lisanadutse. Njira zonsezi ndi za anthu awiri amene sakuopana. Pamene pali kumenya, kuopseza kapena kulanda ndalama ndi foni, vuto si kalankhulidwe, ndipo palibe chiganizo chokonzedwa bwino chimene chingathetse zimenezo. Ku Malawi ndi ku Zambia kupolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit.

Anzanu a m'kalasi amene simunawaonepo

Chodabwitsa cha kuphunzira kosiyi paintaneti n'choti kalasi yomweyo ndi chitsanzo cha phunzirolo. Joseph Walther mu 1992 anasonyeza kuti anthu olemberana okha amatha kudziwana mozama ngati okumana maso ndi maso, kungoti zimatenga nthawi yaitali chifukwa uthenga uliwonse umanyamula zochepa. Phindu lake pa ntchito ya pagulu ndi ili: mauthenga aafupi apafupipafupi amamanga chikhulupiriro kuposa umodzi wautali wa Loweruka usiku. Gulu likangopangidwa, lembani tsiku lomwelo kapena lotsatira. Nenani kumene muli, kusiyana kwa maola, nthawi imene mumakhala pa netiweki, ndi gawo limene mutenge. Mukakhala chete masiku atatu chifukwa cha magetsi, mnzanu wa ku Texas saganiza za magetsi, amaganiza za ulesi, ndipo Ross uja wakupezaninso.

Poyankha ndime za anzanu, "ndagwirizana nazo, mwalemba bwino" sipatsa malikisi. Tengani chinthu chimodzi chimene wanena, chilumikizeni ndi liwu la m'mutu wa sabata imeneyo, mufunse funso limene angaliyankhe. Polembera mphunzitsi, ikani nambala ya kosi pa mutu wa imelo, moni wa mzere umodzi, vuto lanu m'mizere iwiri yoyamba, ndi chimene mukupempha. Kwa ife zimamveka ngati kulowa m'nyumba ya eni osaodira, koma kumeneko ndiwo ulemu, poti mwasunga nthawi yake.

Za kudziulula samalani. Irwin Altman ndi Dalmas Taylor mu 1973 anayerekeza munthu ndi anyezi: ubale umakula pamene nkhani zikuchuluka komanso zikuzama, pang'onopang'ono, mobwezerana. Kosiyi imakupemphani kulemba za moyo wanu, ndiye ena amasenda anyezi yense sabata yachiwiri pamaso pa anthu makumi awiri kapena atatu osawadziwa. Zolemba pabwalo zimakhala, ndipo aliyense akhoza kuzijambula. Za pabwalo zikhale zimene munganene m'basi. Zozama zipite mu ntchito imene amawerenga mphunzitsi yekha, ndipo ngakhale mmenemo sinthani mayina, chotsani dzina la kampani ndi la mudzi, ndipo musaike chithunzi cha macheza a pa WhatsApp mwini wake asanalole. Iye sanalembetse kosiyi.

Pepala lomaliza nthawi zambiri limakhala lounika ubale umodzi. Kutalika kwake ndi kagawidwe ka malikisi zili mu syllabus, ndondomeko ya kosi, ndi mu rubric, muyezo wochongera pepalalo, ndipo muziwerenge musanalembe liwu loyamba. Sankhani ubale umodzi, theory imodzi kapena ziwiri, ndi zochitika zitatu za m'kope lija. Ma theory asanu m'masamba asanu amangopatsidwa moni, palibe imene imagwira ntchito. Ndime iliyonse iyende motere: tanthauzo la liwu m'mawu anu, ndi dzina la mwini wake ndi chaka monga APA, kalembedwe kotchulira mabuku amene mwagwiritsa ntchito, imafunira, kenako chochitika ndi mawu ake enieni, kenako kulumikiza ziwirizo. Gawo lachitatuli ndi limene ambiri amalidumpha poganiza kuti n'zoonekeratu. Mbiri ya mmene munadziwirana isapitirire ndime imodzi. Muikemonso chochitika chimodzi chimene wolakwa munali inu, chifukwa pepala limene wolemba ali wolungama kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza limasonyeza kuti mutu wa perception, wa mmene timaonera ndi kuweruza anzathu, sunalowe. Zopempha makina kuti akulembereni, pa kosi ino zimaonekera msanga kuposa pa ina iliyonse, poti makinawo sadziwa kuti mlamu wanu anati "chabwino" 3 koloko, ndipo amatulutsa anthu opanda nkhope okangana za zinthu zopanda dzina.

Musanatumize, tengani cholembera mudule mzere pansi pa liwu lililonse lofotokoza khalidwe la munthu: waulesi, wamwano, wodzikuza, wachikondi, wosasamala. Pa lililonse yang'anani ngati pafupi pake pali mawu amene ananena kapena chinthu chimene anachita. Ngati palibe, bwererani ku kope mukachitenge, ndipo ngati m'kopemo mulibe, fufutani liwulo. Pamene munalemba kuti "bambo anga ndi ouma mtima" pakhale kuti mutawauza zoti mwakhoza mayeso anati "chabwino, nanga fizi ya chaka chamawa?" maso ali pa wailesi imene ankakonza, kenako madzulo ake anapha nkhuku.